Seva Ikafa ku Chitipa, Adzaidzutsa Ndani?

Mu February 2024, mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti achiwembu alowa m'makompyuta a nthambi yoona za anthu olowa ndi otuluka m'dziko, ndipo akufuna dipo. Boma linakana kulipira. Ntchito yosindikiza mapasipoti inaima kwa milungu ingapo, n'kudzayambanso mu March, pang'onopang'ono, kuyambira ku Lilongwe. M'minibasi ndi pa wailesi anthu ankakangana za amene anachita chiwembucho. Ine chimene chinandigwira mtima n'china: makina akagwa, kaya awagwetsa ndi wakuba, moto kapena mphenzi, zimatenga nthawi yaitali bwanji kuti adzuke, ndipo amadzuka ndi zonse zimene anali nazo?

Ngati funsoli linavuta ku likulu, kumene akatswiri amangoyenda pansi kuchoka ofesi ina kupita ina, ku Chitipa limalemera kawiri. Bomali lili kunsonga kwenikweni kwa dziko, pakati pa Tanzania ndi Zambia, ndipo kalembera wa 2018 anapezamo anthu pafupifupi 235,000. Kuchoka ku Lilongwe kufika pa boma ndi makilomita pafupifupi 700. Ngakhale kuchoka ku Karonga pali makilomita ngati 100 a msewu wokwera ndi wokhotakhota. Ukafika pa boma ulendo sunathe: Nthalire ali kutali kummwera, Misuku ali m'mapiri, Wenya ndi Kameme nawo ali kwawo, ndipo m'dzinja misewu yafumbi imasanduka ina. Katswiri wa ku likulu akanyamuka m'mawa, amafika anthu atatseka maofesi. Choncho amene adzayambe kulimbana ndi seva yakufa ku Chitipa ndi munthu wa ku Chitipa komweko, ndi zipangizo zimene zili m'kabati mwake.

Nanga m'makinamo muli chiyani choti tidandaule nacho? Muli zambiri kuposa mmene timaganizira. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, bungwe la Baobab Health linayamba kuika makompyuta ogwira ndi chala pa chipatala cha Kamuzu Central, ndipo kuchokera pamenepo kaundula wa pakompyuta wa anthu omwa ma ARV wafalikira m'zipatala zambiri za m'maboma. Makina amenewa amasunga mbiri ya wodwala mu database ya MySQL, nthawi zambiri pa seva imene ili pachipatala pomwepo. Malipoti a mwezi ndi mwezi a zaumoyo amalowa mu DHIS2, pulogalamu yochokera ku yunivesite ya Oslo imene imakhala pa PostgreSQL. Ndalama za boma zimayenda mu IFMIS. Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006 ndipo Chitipa inali m'gulu la maboma oyambirira kumulandira, ali ndi mndandanda wake wa mabanja. Mu 2017 nthambi ya NRB inalemba anthu oposa 9 miliyoni kuti alandire ziphaso za unzika. Zina mwa zimenezi zimasungidwa ku likulu ndipo boma la Chitipa limangolowamo pa intaneti. Koma zina zili pamalopo: seva ya chipatala, mabuku a ndalama a SACCO ndi makopaletivi, zolemba za zipatala za mishoni, mafayilo a khonsolo a malo ndi misonkho ya m'misika. Zimenezi zikatayika, palibe ku Capital Hill amene ali ndi kope lake.

Mukafunsa mu ofesi iliyonse, yankho limabwera msanga: "Tili ndi backup." Mawu amenewa amatonthoza bwana, amatonthoza oditala, ndipo nkhani imathera pomwepo. Koma amangonena kuti penapake pali makina amene usiku uliwonse amayesa kukopera. Sanena kuti zokoperazo zingabwezeretsedwe. Pakati pa ziwirizi pali chigwa chachikulu, ndipo ambiri amachiona tsiku limene agweramo.

Kaundula wa backup

Kumalo kumene kuli makompyuta angapo, ntchito yokopera imapatsidwa kwa makina amodzi, seva ya backup. Imakhala ndi pulogalamu yonga Bacula, Bareos, Veeam kapena ya IBM imene akale amaidziwa kuti TSM. Usiku imazungulira makina onse, n'kutenga zimene zasintha, n'kuzilemba pa madisiki kapena pa matepi. Sizilemba ngati mafayilo amene mungatsegule ndi maso, ayi. Imaziunjika m'mitolo ikuluikulu, kawirikawiri zopanikizidwa ndi zokhomedwa ndi kiyi wachinsinsi. Kuti idziwe kuti fayilo yakutiyakuti ya Lachiwiri lapitalo ili mu mtolo uti, pamalo pati, sevayo ili ndi database yakeyake. Ameneyu ndiye kaundula wa backup.

Alimi a khofi ku Misuku angamve msanga. M'nyumba yosungiramo khofi wa kopaletivi matumba amafanana onse; chimene chimanena kuti thumba ili n'la gulu liti, la giredi yanji, lalowa liti, ndi buku la mlembi. Bukulo litapsa, khofi alipo ndithu, koma kuti aliyense alandire zake pafunika kumasula ndi kuyezanso thumba lililonse, ndipo msika sudikira.

Vuto lalikulu lili apa. Seva ya backup imakoperanso kaundula wake, inde, koma kawirikawiri imamuika m'mitolo momwemo. Ikafa, mumafuna kaundula kuti mupeze backup, pamene kaundulayo ali m'kati mwa backup. Opanga mapulogalamuwa anaiona kale mbuna imeneyi ndipo aliyense anasiya khomo lotulukira. Bacula imalemba kafayilo kakang'ono kotchedwa bootstrap, konena mtolo ndi malo pamene kaundula wagona. Kafayiloko kakasowa pamatsala chida chotchedwa bscan, chimene chimawerenga mitolo yonse kuyambira poyamba n'kumanganso kaundula, ntchito imene pa matepi ambiri ingatenge masiku. Ya IBM imafuna mafayilo awiri, wa mbiri ya mitolo ndi wa kaikidwe ka zipangizo, komanso pasiwedi yoteteza kiyi wamkulu. Veeam imatulutsa payokha fayilo ya kaikidwe kake konse, ndipo ngati fayiloyo sinakhomedwe ndi pasiwedi, mapasiwedi osungidwa m'makinamo samalowamo. Mayinawa ndi osiyana koma mfundo ndi imodzi: pali timafayilo tochepa, tina tokwana pa pepala limodzi, timene tiyenera kukhala kunja kwa seva ya backup. Tikakhala m'kati mwake, timafera limodzi.

Kiyi wachinsinsi ndiye woopsa kwambiri. Kaundula wotayika angamangidwenso movutikira. Kiyi wotayika sabwerera, ndipo mitolo yonse imasanduka zinyalala ngakhale madisiki ali bwinobwino.

Wina anganene kuti zoterezi zimagwera ife osauka, opanda akatswiri. Si choncho. Pa 31 January 2017, katswiri wa kampani ya GitLab, imene ntchito yake ndi kusungira anthu opanga mapulogalamu zolemba zawo, anafufuta mwangozi database yeniyeni poganiza kuti ali pa seva ina. Zinthu pafupifupi 300 GB zinapita. Kampaniyo inali ndi njira zisanu zokopera, ndipo atazifuna anapeza kuti palibe imene ikugwira ntchito monga ankaganizira. Imodzi inkagwiritsa ntchito chida cha pg_dump cha PostgreSQL 9.2 pa database ya 9.6, motero inkalephera usiku uliwonse. Mauthenga onena za kulepherako ankakanidwa ndi makina a imelo, ndipo palibe amene ankawaona. Chinawapulumutsa ndi kope limene munthu anatenga pamanja maola 6 ngoziyo isanachitike, polifunira seva yoyeserera. Anabwerera pa intaneti patapita maola pafupifupi 18, koma za maola 6 aja zinatayikiratu. Onani bwino: chimene chinagwira ntchito ndi kope lokhalo limene linkagwiritsidwa ntchito nthawi ndi nthawi. Zina zonse zinali chikhulupiriro chabe.

N'chifukwa chake ndikunena kuti kubwezeretsa poyeserera ndi kubwezeretsa pa tsoka ndi ntchito imodzi. Masitepe ake ndi omwewo. Mumapeza makina ena opanda kanthu. Mumaikapo pulogalamu ya mtundu womwewo ndi msinkhu womwewo, chifukwa database yotengedwa pa pulogalamu yatsopano siilola kulowa mu yakale, ndipo ngakhale kuchoka pa yakale kupita pa yatsopano kuli ndi malamulo ake. Mumabwezeretsa kaundula kuchokera pa timafayilo tija. Mumalumikiza madisiki. Kenako, ndipo apa m'pamene ambiri amalekera panjira, mumagwiritsa ntchito kaundulayo kutulutsa database ya chipatala kapena ya ndalama, n'kuidzutsa, n'kuitsegula ndi pulogalamu yake. Kusiyana kwake n'kwakuti poyeserera pabwalo palibe mzere wa anthu odikira mankhwala, ndipo mukalakwitsa mumangoyambanso.

Koma kuyeserera kuli ndi ngozi zakezake, ndipo zimafuna kuzinena momveka chifukwa anthu ena aononga backup yeniyeni poiyesa. Seva imene mwaidzutsa kuchokera ku kaundula sidziwa kuti ndi yongoyeserera. Imakumbukira dzina lake, ndandanda ya ntchito zake, mapasiwedi a makina onse, ndiponso lamulo lakuti mitolo yopitirira masiku akutiakuti ifufutidwe kapena ilembedwenso. Mukailumikiza ku netiweki ya ofesi, usiku womwewo iyamba kugwira ntchito ngati mwini nyumba: kukopera, kufufuta, kulemba pa madisiki amene seva yeniyeni ikulembaponso. M'mawa muli ndi akaundula awiri otsutsana pa mitolo imodzi. Choncho seva yoyeserera iyenera kudzukira m'chipinda chotseka, kutanthauza netiweki yakeyake yosakhudzana ndi ya ofesi, ndandanda ya ntchito itazimitsidwa isanayatsidwe, ndipo madisiki amene ikuwerenga akhale makope, kapena olumikizidwa mwa njira yongowerenga basi. N'chimodzimodzi ndi database ya chipatala kapena ya malipiro: kope loyeserera likapeza intaneti lingathe kutumiza ma SMS kwa odwala, kukankhira ku likulu ziwerengero zakale, kapena kubwereza malipiro amene anaperekedwa kale.

Palinso msampha wina umene umaoneka pa tsoka lenileni. Tinene kuti kaundula amene mwabwezeretsa ndi wa Lolemba, seva inafa Lachinayi. Pakati pa masikuwa makina anali akulembabe, ndipo mwina anatenga mtolo wakale n'kulembapo zatsopano. Kaundula wa Lolemba akukhulupirirabe kuti mu mtolomo muli zakale zija, ndipo mitolo yatsopano saidziwa n'komwe, moti angaione ngati malo opanda kanthu. Munthu wodziwa ntchito amayamba waletsa kulemba kulikonse, n'kuyerekeza kaundula ndi zimene zilidi pa madisiki. Njira yochepetsera vutoli ndi yosavuta: kaundula azikoperedwa pomalizira pa ntchito zonse za usiku, tsiku lililonse, ndipo mtolo wotha nthawi usalembedwenso msanga, uzidikira kaye masiku angapo.

Chinsinsi cha anthu nacho sichipuma chifukwa tikuyeserera. Kope la database ya kiliniki ya ma ARV lili ndi mayina, midzi, manambala a foni ndi zotsatira za magazi, zonse zenizeni. Pa boma la Chitipa anthu amadziwana. Dzina limodzi litatuluka, madzulo lafika kumsika ndi kutchalitchi. Lamulo loteteza deta la 2024, limene woyang'anira wake ndi MACRA, limaika nkhani za umoyo m'gulu la zofunika chisamaliro chapadera, ndipo silipatula makope oyeserera. Kope lotere lisakhale pa laputopu ya munthu imene madzulo imapita kunyumba ana n'kumaonerapo mafilimu. Ngati cholinga ndi kuphunzitsa antchito atsopano kapena kuyesa pulogalamu yatsopano, mayina ayambe asinthidwa. Ngati cholinga ndi kutsimikiza kuti backup ikudzuka, kopelo likhale lathunthu, koma pa makina okhomedwa, ndipo ntchito ikatha lifufutidwe, wofufutayo n'kusaina.

Kodi tidziwa bwanji kuti zabwereradi?

Makina akalemba kuti "zatheka", asakunamizeni. Amangotanthauza kuti sanapunthwe. Umboni weniweni umachokera kwa mwini ntchito. Kalaliki wa kiliniki atenge makadi a pepala angapo, aja amati mastercard, awafunefune m'kope lobwezeretsedwa, aone ngati tsiku lomaliza kulandira mankhwala likugwirizana. Akauntanti atulutse lipoti la mwezi watha aliyerekeze ndi limene anasaina. Wa ICT awerenge mizere ya m'matebulo akuluakulu, aone ngati chiwerengero chikufanana ndi cha pa seva yeniyeni pa ola limene kope linatengedwa. Backup ya database imene yatengedwa mwa kungokopera mafayilo ake makina akugwira ntchito ingaoneke yaikulu bwino koma ili yothyoka m'kati. N'chifukwa chake pali zida monga mysqldump ndi pg_dump zimene zimatenga chithunzi chogwirizana cha nthawi imodzi. Kuthyoka koteroko sikuoneka pa kukula kwa fayilo. Kumaoneka poidzutsa basi.

Kuyeserera kumaperekanso manambala awiri amene akuluakulu ayenera kuwadziwa pamtima. Yoyamba: tikagwa lero, titaya ntchito ya maola angati? Ngati timakopera kamodzi usiku, seva n'kufa 3 koloko masana, onse amene athandizidwa kuyambira m'mawa sali m'kope. Pali njira yochepetsera mpatawu, yosunga kaundula wa zosintha zonse amene MySQL imamutcha binlog ndipo PostgreSQL imamutcha WAL. Ndi ameneyu mungabwezeretse mpaka pa mphindi imene mwasankha, bola naye azitumizidwa kunja kwa sevayo. Nambala yachiwiri: kuyambira pamene tagwa mpaka pamene kalaliki ayambanso kulemba, padutsa maola angati? Imeneyi siiganiziridwa pa msonkhano. Imayezedwa ndi wotchi, kuphatikizapo nthawi yofunafuna makina ena, yosaka munthu wosunga makiyi a kabati, ndi yodikira magetsi. Manambala awiriwa akadziwika, dokotala wamkulu kapena bwanamkubwa ndiye anene ngati akuvomereza. Si chigamulo cha wa ICT. Iye ntchito yake ndi kunena zoona, kuti pa ndalama zimene mwandipatsa tidzagona masiku awiri.

Pepala lili ndi malo ake m'nkhaniyi. Zipatala zathu zikadali ndi marejista ndi mabuku a odwala, ndipo ndi amene amanyamula ntchito makina akagona. Koma zolembedwa pamanja masiku amenewo zimafuna munthu wozilowetsa makina akadzuka, ndipo dongosolo lililonse loona liyenera kunena kuti munthuyo ndani.

Kope likhale kuti?

Lamulo lodziwika bwino limatchedwa 3-2-1: makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, limodzi likhale kutali. Chigawo cha kumpoto sichifuna kuphunzitsidwa chifukwa chake. Mu December 2015 moto unapsereza laibulale ya Mzuzu University, mabuku pafupifupi 45,000 n'kutha usiku umodzi. Mu December 2009 zivomerezi zotsatizana zinagwetsa nyumba zambiri ku Karonga, pafupi pomwepa. M'dzinja mphenzi imalowa kudzera mu nthambo za magetsi ndi za netiweki, n'kuotcha chilichonse chimene chalumikizidwa. Kuthimathima kwa magetsi, kumene kunakula kwambiri namondwe Ana ataononga Kapichira mu January 2022, kumapha mabatire ndi madisiki mwakachetechete, ndipo database imene magetsi aithimira ikulemba imatha kudzuka yosokonekera. Disiki ya backup imene yagona pamwamba pa seva, pa soketi imodzi, m'chipinda chimodzi, idzapsa ndi moto womwewo. Ngakhale makampani akuluakulu anaphunzira mowawa: mu March 2021 nyumba ya maseva ya OVH ku Strasbourg, France, inapsa, ndipo makasitomala ena anapeza kuti backup yawo inali pamalo omwewo.

Masiku ano kutalikirana kokha sikukwana. Achiwembu a ransomware amadziwa kuti munthu wokhala ndi backup salipira, choncho amayamba asaka seva ya backup ndi kaundula wake. Mu June 2024 bungwe loyeza magazi la boma la South Africa, National Health Laboratory Service, linagwidwa motero. Achiwembuwo anafufutanso mbali ya ma backup, ndipo kwa milungu zotsatira za odwala zinkaperekedwa pa foni ndi pa mapepala. Nkhani ya Maersk, kampani yaikulu ya sitima za pamadzi, ili ndi phunziro limene likutikhudza mwapadera. Mu June 2017 kachilombo ka NotPetya kanafufuta maseva ake onse osunga mayina ndi mapasiwedi a antchito, amene ankakoperana okhaokha ndipo motero anafera limodzi. Inapulumuka imodzi, ku ofesi ya ku Ghana, chifukwa magetsi anali atathima ndipo inali yosalumikizidwa pa nthawi ya chiwembucho. Disiki yake inanyamulidwa pamanja mpaka ku England. Zimene kwa iwo zinachitika mwamwayi, ife tingazichite mwadala ndi ndalama zochepa: madisiki awiri kapena atatu osinthanitsa, imodzi yolumikizidwa, enawo ozulidwa ndi okhomeredwa m'nyumba ina.

Nanga kutumiza zonse pa intaneti, ku maseva a kutali? N'kwabwino, ndipo boma linatsegula malo ake osungira deta ku Blantyre mu 2022. Kutumiza zosintha za tsiku limodzi sikuvuta. Kubweza zonse ndiye nkhani. Database ya 50 GB pa intaneti ya 5 Mbps imatenga maola opitirira 22, ngati netiweki siduka ndipo magetsi sathima. Kwa ofesi ya ku Nthalire kapena Misuku, njinga yamoto yonyamula disiki kuchokera pa boma ingafike msanga kuposa pamenepo. Maganizo anga ndi akuti Chitipa imafuna zonse ziwiri: kope lapafupi lodzukira msanga, ndi lakutali la tsiku limene chapafupi chonse chapita. Kaundula wa backup ndi timafayilo take, poti n'tochepa, tingatumizidwe kutali tsiku lililonse ngakhale pa bandulo ya foni.

Pali chifukwa china chosungira makope akale, chimene Amalawi sitiyenera kuiwala. Mu 2013, pa nkhani ya Cashgate, anthu ankalowetsa malipiro abodza mu IFMIS, macheke n'kutuluka, kenako n'kufufuta zolembazo m'makina. Akatswiri a Baker Tilly atafufuza anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasowa m'miyezi 6 yokha, kuyambira April mpaka September. Wofufuta mwadala saoneka tsiku lomwelo. Ngati backup yanu imangosunga masiku 7, pofika nthawi imene oditala akufunsa, makope onse ali kale ndi bodza lomwelo. Kope la kumapeto kwa mwezi uliwonse ndi la kumapeto kwa chaka cha ndalama liyenera kukhala nthawi yaitali, ndipo amene ali ndi mphamvu yosintha za m'mabuku a ndalama asakhalenso yekha wosunga makopewo. Apa kubwezeretsa poyeserera kumakhala chida cha oditala: amadzutsa mabuku monga analili miyezi itatu yapitayo n'kuwayerekeza ndi a lero.

Ndikudziwa zimene wa ICT wa pa khonsolo angayankhe, ndipo ali ndi mfundo. Ali yekha kapena awiri, akuthamangira maprinta, ma projekita a misonkhano ndi intaneti ya maofesi onse. Makina opuma oti ayesererepo palibe. Bajeti ikafika, mafuta a galimoto amapambana disiki. Zonsezi n'zoona. Koma kuyeserera sikufuna seva yodula. Kompyuta wamba ya pa desiki yokhala ndi malo okwanira ingadzutse kaundula ndi database ya chipatala cha boma, ngakhale mochedwerapo. Chimene chimasowa kawirikawiri ndi tsiku loikidwa pa kalendala, ndi bwana amene amafunsa. Ena amati zonse zipite ku likulu kuti maboma asavutike. Kumeneko kumachepetsa mavuto ena, koma nkhani ya mapasipoti inationetsa kuti pakati pakagwa, dziko lonse limagwera limodzi, ndipo kiliniki singaleke kupereka mankhwala chifukwa nthambo yaduka pa Chiweta.

Choopsa chomaliza si makina, ndi anthu kuchoka. Wantchito wa boma amasamutsidwa ndi kalata imodzi, ndipo ambiri amene atumizidwa ku Chitipa kuchokera kutali amayembekeza tsiku lobwerera. Makina ambiri a zaumoyo anabwera ndi mapulojekiti a mabungwe, ndipo pulojekiti imatha. Mu January 2025 boma la America litaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake lakunja, ntchito zambiri za HIV zodalira PEPFAR zinagwedezeka, ndipo aliyense anaona kuti wothandiza angachoke popanda kutsanzika. Ngati njira yodzutsira seva ili m'mutu mwa munthu mmodzi, kapena pa foni ya katswiri wa bungwe amene kontrakiti yake yatha, ofesiyo ilibe backup, ngakhale madisiki atadzaza kabati. Mutu umodzi susenza denga. Njirayo ilembedwe papepala, sitepe ndi sitepe, ndi mayina a mapulogalamu ndi misinkhu yake, malo a timafayilo tija ndi kumene kuli makope a mapulogalamuwo, chifukwa pa tsiku la tsoka intaneti yokatengera ingakhale palibe. Mapasiwedi ndi makiyi akhale mu envelopu yomata, m'sefa ya mkulu wa ofesi, ndipo azisinthidwa akatsegulidwa. Ndipo poyeserera, wogwira makina asakhale amene analemba pepalalo. Apatsidwe mnzake, wolembayo akhale pambali osayankhula. Paliponse pamene mnzakeyo waima n'kufunsa, pamenepo pepala lili ndi dzenje, ndipo likonzedwe tsiku lomwelo.

Kangati? Kaundula ndi database yofunika kwambiri zingayesedwe miyezi itatu iliyonse, ndiponso nthawi iliyonse imene pulogalamu yakwezedwa kapena munthu wasintha. Kudzutsa zonse kuchokera pa makina opanda kanthu kuchitike kamodzi pa chaka, makamaka mu September kapena October, mvula ndi mphenzi zisanayambe, misewu ikadali yodutsika.

Kwa abwanamkubwa, akulu a zaumoyo, mamanejala a SACCO ndi makopaletivi, ndi makhansala amene mumavomereza bajeti ku Chitipa: simufunika kudziwa pg_dump kuti mugwire ntchito yanu pa nkhaniyi. Pa msonkhano wotsatira, wina akanena kuti tili ndi backup, mufunseni tsiku limene anaibwezeretsa komaliza, amene anaona ndi maso ake, maola amene zinatenga, ndi kumene kuli kaundula ndi makiyi seva itapsa usiku uno. Akasowa yankho musamukalipire. Mupatseni kompyuta imodzi, madisiki awiri ndi tsiku, ndipo tsikulo mukakhalepo.